Mchere Umene Ndinathira M'thanki ya a Salimu

Ana anga, tsiku lina tikudya Tamara anandifunsa chifukwa chimene sindithira mchere m'ndiwo ndisanalawe, ndiponso chifukwa chimene a NyaGoma amaseka akamandipatsira kabotolo ka mchere. Ndinamuyankha kuti ndidzalemba. Pa ntchito ndapuma, nthawi ilipo, ndiye ndalemba. Za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, choncho ndiyambira pa ntchito.

Ku Chikwa, chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza maphunziro a ulimi wa nsomba ananditumiza ku Chikwa monga mlangizi. Ndinafikako pa thirakitala yonyamula chimanga, ndili ndi sutikesi imodzi ndi mabuku anayi. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Ntchito yanga inali kuphunzitsa alimi kukumba maiwe ndi kuweta nsomba, ndipo pa msonkhano woyamba bambo wina wachikulire anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wanga, iwe ukuti tikumbe dzenje, tithiremo madzi, nsombazo tizizipatsa gaga wathu. Nanga mtsinje wa Luangwa uzigwira ntchito yanji?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Dziwe loyamba linakumbidwa ndi mayi wina amene mwamuna wake anagwidwa ndi ng'ona akuwedza. Iyeyo sanafune kuti ndimufotokozere zambiri. Anangofunsa kuya kwake.

Bwana wanga pa nthawiyo anali a Zulu. Ankabwera kawiri pa chaka pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Atawerenga lipoti langa loyamba analoza mzere wina ndi kundifunsa ngati maiwe asanu ndi limodzi amene ndinalembawo ndinawaona onse. Ndinavomera kuti awiri ndinangouzidwa. Sanakalipe. Anandipatsa cholembera chawo nati, "Kumwenda, fufuta. Chimene sunachione ndi maso usachilembe, ndipo chimene walakwitsa uzichinena wekha wina asanachipeze." Mvula ikayamba misewu inkatsekeka miyezi yathunthu, ndipo posowa chowerenga ndinabwereza mabuku anayi aja mpaka mutu wa nsomba za m'nyanja ya mchere, umene kusukulu tinkaudumpha. Tinkati munthu wa kuno ku Chama nyanja ya mchere akaiona kuti?

Ku Kambombo, chaka chachisanu mpaka chakhumi

Kumeneku ndi kumene ndinakwatira amayi anu, ndipo Yotamu ndi Tamara anabadwira komweko. Ofesi inandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ankabwera mwa apo ndi apo, moti nkhuku za amayi anu zinafika poikira mazira pansi pake. Tiana ta nsomba topatsa alimi ndinkatinyamula pa njinga yakapalasa, m'zigubu ziwiri zokutidwa ndi masaka onyowa. Ndinkanyamuka kukangocha, ndi kumaima pa mitsinje kuti ndisinthe madzi pang'ono. Ngakhale ndinkasamala chotero, tambiri tinkafera m'njira. Timene tafika tinkamira pansi pa dziwe, osadya, osaoneka masiku awiri kapena atatu. Mlimi ankatenga nsungwi kuti avundule madzi aone ngati tilipo, ine ndi kumugwira dzanja. Nsomba ikachita mantha imafuna kuisiya. Mawu amenewo ndinawanena kambirimbiri, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa zonse za nsomba.

Ku boma, chaka chakhumi ndi chimodzi

Atandisamutsira ku boma ndinapeza bwana watsopano, a Mwale, ochokera ku Chipata. Anali munthu wolimbikira, woteteza antchito ake, koma wokonda kwambiri kuti ofesi yathu izitchulidwa bwino. Ndi iwo amene anandidziwitsa kwa a Salimu. A Salimu anali wamalonda wobadwira m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania. Anakwatira mkazi wa kuno, namanga sitolo ndi nyumba yogona alendo. Nyengo yogawa tiana ta nsomba ikafika ankatibwereka galimoto yawo, ndipo ulendo umene ndinkayenda masiku atatu pa njinga unkatha m'mawa umodzi, nsomba zonse zili zamoyo.

M'chipinda cholandirira alendo anaikamo thanki yagalasi yotalika ngati chitseko chogoneka, yokhala ndi pampu ndi nyali zoyendera sola. Pansi pake panali mchenga woyera wokwana kumiza chikhatho, ndi miyala ya m'nyanja. Madzi ake anali a mchere. Iwo ankati akakhala pampando kuyang'ana thankiyo amamva ngati ali kwawo. Nsomba zinalimo zitatu, zimene anabwera nazo kudzera pa malire a ku Nakonde m'mapepala apulasitiki. Ziwiri zinali zing'onozing'ono, zofiirira, za mizere yoyera. Yachitatu inali yaitali ngati dzanja langa, yobiriwira, ya mizere yofiira kumaso. M'buku langa lija mtundu wake umatchedwa rasi, koma antchito a pa nyumbayo anaipatsa dzina loti Chitenje. Amene anayambitsa dzinalo anali a NyaGoma, mayi wamasiye wa ku Chikwa, amene ankasesa, kukolopa ndi kusunga kiyi wa chipindacho. Anali ndi ana anayi pa sukulu, ndipo onsewo ankadalira tsache lawolo.

Okutobala wa chaka chomwecho

Amayi awo a Salimu anadwala, ndipo iwo anayenera kupita kwawo milungu itatu. Anandipempha kuti ndiziyang'anira thankiyo. Anandionetsa chakudya cha nsomba, makina osefera madzi akumwa, thumba la mchere wapadera ndi kapu yoyezera, nandiuza makapu angati amalowa m'ndowa imodzi. Kenako anati, "Zina zonse mukuzidziwa, a Kumwenda. Ine wogulitsa sopo sindingaphunzitse dokotala wa nsomba." Ndinamwetulira. Ndikanafunsa mafunso awiri okha bwenzi nkhani ino kulibe, koma mawu oti dokotala anandikomera. Kagalasi koyandama koyezera mchere anakaiwala m'dirowa yokhoma, ndipo ine sindinadziwe n'komwe kuti kalipo.

Kutentha kwa Okutobala m'chigwa muno mukukudziwa. Madzi a m'thanki ankatsika tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi ndinkadzera kumeneko, kusungunula mchere m'ndowa monga anandionetsera, ndi kudzaza thankiyo mpaka pa mzere wake. M'mutu mwanga zinali zomveka: nsomba za m'madzi a mchere, ziwonjezeredwe madzi a mchere. A NyaGoma ankakhala akukolopa chapafupi. Kawiri konse ndinawaona ataima, atagwira chikolopa, akuyang'ana ndowa yanga, koma ankangoti, "Mwauka bwanji, abwana a nsomba?" n'kupitiriza ntchito yawo.

Mlungu wachitatu nsomba zing'onozing'ono zija zinayamba kukhala pakona, zikupuma mofulumira. Chitenje anasiya kubwera kudzalandira chakudya, ndipo munthu akangodutsa ankathawira kuseri kwa mwala. Ndinati ndi kutentha. Kutatsala masiku awiri kuti a Salimu abwere, ndinafika m'mawa ndi kupeza nsomba ziwiri zokha. Ndinasuzumira kuseri kwa miyala, ndinayang'ana pansi pa tebulo poganiza kuti yalumpha, koma chivindikiro chinali m'malo mwake. Chitenje kunalibe.

A Salimu anafika Lachiwiri, atatopa, amayi awo atawasiya akadali m'chipatala. Anaima patsogolo pa thanki nthawi yaitali, kenako anaitanitsa antchito onse. Ine ndinalipo. Anafunsa amene amasunga kiyi, ngakhale ankadziwa. Wophika, pofuna kudzichotsa m'nkhanimo, anakumbutsa anthu kuti tsiku lina a NyaGoma ananena kuti Chitenje angakome ndi tomato. Zinali zoona, ananenadi, ndipo tonse tinaseka tsiku limenelo, ndi a Salimu omwe. Koma Lachiwiri limeneli palibe anaseka.

"Amama," anatero a Salimu, "nsomba siituluka pa chitseko yokha. Ngati munapatsa ana anu, nenani."

"Ana anga amadya kapenta, abwana," anayankha a NyaGoma.

"Mugwire mpaka Loweruka. Likapita Loweruka musabwerenso."

Ine ndinangoima pomwepo, manja kumbuyo. Sindinkakhulupirira kuti anaba, koma sindinkadziwanso kumene nsombayo inapita.

Masana a tsiku lomwelo ndikutuluka pa geti ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, akumanga tsache latsopano. Anandiitana.

"Abwana a nsomba, ndifunseko. Ndiwo zikauma pa moto, kwanu mumawonjezera madzi kapena mchere?"

"Madzi," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Chifukwa chimene chauluka ndi madzi. Mchere umatsala mumphika."

"Ehe. Ndimangofunsa."

Anapitiriza kumanga tsache. Ine pamenepo ndinazindikira. Milungu itatu yonse madzi ankauluka ndi kutentha, mchere n'kumatsala, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkathiramo mchere wina. Ndowa ya mchere imene a Salimu anandionetsa inali ya tsiku lochotsa madzi akale ndi kuikamo atsopano. Yodzazira madzi ouluka inayenera kukhala ya madzi okhaokha. Pa maiwe athu zimenezi sizichitika, madzi ndi madzi basi, ndipo nzeru ya pa dziwe ndi imene ndinapita nayo pa thankiyo.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuze tsiku loyamba. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwana. "Ine wa tsache ndiuze munthu wa mabuku? Ndimati mwina mchere wa ku Tanzania umauluka." Kenako anawonjezera kuti, "Koma nsomba ija sinapite kutali. Inu munakhala ku Chikwa. Dambo likauma, simunaone nsomba zija zimene zimalowa m'matope n'kugona momwemo mpaka mvula? Mchenga uja mbali ya kumanzere watumphuka. Ndimapukuta galasi tsiku lililonse, ndikuudziwa." Pamenepo ndinakumbukira tsamba la m'buku lija ndinkawerenga m'nyengo ya mvula: rasi wa mtundu umenewu akachita mantha, kapena madzi akamuipira, amadzikwirira mumchenga, ndipo akhoza kukhalamo masiku ambiri. Ndinafunsa chifukwa chimene sanawauze a Salimu zimenezi. Anati, "Ndikanena za mchenga andifunsa chimene chaithawitsa. Manje ine nditchule inu?"

Ndinapita ku ofesi ndi kuwafotokozera a Mwale zonse. Anatseka chitseko.

"Manje iwe ukufuna ukaime pamaso pa Salimu unene kuti ofesi ya nsomba siidziwa madzi?" anatero. "Mwezi wa mawa tikugawa tiana ku Kambombo. Mafuta tilibe. Galimoto ija akatimana, udzanyamula pamutu?"

Ndinati mayi uja akuchotsedwa ntchito Loweruka.

"Tamvera, Kumwenda. Pita uzikathira madzi abwino mwakachetechete. Nsomba ikatuluka amubweza yekha. Palibe amene wanama."

Sanali malangizo a munthu woipa. Ankaganizira alimi amene anakumba kale maiwe awo ndipo ankatidikira. Koma Loweruka linali pafupi, ndipo sindinkadziwa ngati nsombayo idzatuluka n'komwe. Boma la Chama ndi laling'ono. Mayi akachotsedwa pa nkhani ya kuba, palibe nyumba ina imene ingamupatse kiyi. Ndinakhala pa desiki langa mpaka nthawi yoweruka, ndikumva mawu a a Zulu ndi cholembera chawo chija. Kunyumba ndinawauza amayi anu. Iwo anangondifunsa ngati njinga yakapalasa ija matayala ake akadali abwino.

Masiku asanu ndi awiri otsatira

Lachitatu m'mawa ndinawapeza a Salimu atakhala pa mpando wawo. Ndinawauza zimene ndinachita, osachotsapo kanthu, ndi kuti amene anazindikira ndi a NyaGoma. A Salimu anaimirira. Anatsegula dirowa, natulutsa kagalasi koyezera mchere, nakaika m'madzi. Kanayandama pamwamba kwambiri, mzere wake uli kutali ndi madzi. Anakayang'ana, nayang'ana ine. Kenako anapinda dzanja la malaya kuti apise mumchenga.

Ndinawagwira mkono monga ndinkagwirira alimi a ku Kambombo.

"Mwandiphera nsomba, manje mukundigwira m'nyumba mwanga?" anatero motsitsa mawu.

"Mwina sinafe. Yabisala chifukwa yavutika. Mukaifukula ilibenso kothawira, ndipo mantha okhawo akhoza kuimaliza."

"Mwina, mwina. Dokotala wa mwina."

Ndinavomera kuti ndinayenera kutchedwa chotero. Koma ndinawapempha kuti tichite zinthu zitatu: tizimitse nyali, tiphimbe galasi kuti nsombayo isaone anthu odutsa, ndipo tizichotsa madzi pang'ono m'mawa ndi madzulo n'kuikamo opanda mchere, chifukwa kutsitsa mchere tsiku limodzi kukanapha ndi ziwiri zotsalazo. Anabweza dzanja la malaya. Anati za mchere wazimva, koma mchere suchotsa nsomba m'thanki, ndipo mpaka ataiona ndi maso, yamoyo kapena yakufa, nkhani ya a NyaGoma sinathe. Chimene anavomera n'chakuti Loweruka lisawerengedwe. Anapereka mlungu umodzi.

A NyaGoma anabweretsa chitenje chawo cha ku tchalitchi ndi kuphimba nacho thankiyo mbali zitatu. "Chitenje abisale m'chitenje," anatero, ndipo wophika, amene ankachita manyazi, anaseka mopitirira. Kuyambira tsiku limenelo iwo ankaima ngati msilikali. Mlendo akafuna kugogoda galasi ankamuuza kuti muli wodwala. Anasiya kukoka mipando, ankainyamula. Ine ndinkafika ndi ndowa ya madzi osefa, iwo n'kuika kagalasi m'madzi, tonse n'kuwerama kuona mzere. Tsiku lililonse kankamira pang'ono. Nsomba ziwiri zija zinachoka pakona Lachisanu ndi kuyamba kudya. Mchenga unali chete. Loweruka linadutsa, Lamlungu linadutsa. Lolemba ndinanunkhiza madzi, poopa kuti yafera pansi ndipo yayamba kuwola, koma sindinamve fungo. A Salimu ankadutsa osatiyang'ana. Ku ofesi a Mwale ankandilankhula kudzera mwa mlembi.

Lachiwiri, tsiku lachisanu ndi chinayi chibisalire nsombayo, ndinachedwa chifukwa cha msonkhano wa m'mawa. Cha m'ma naini a NyaGoma anafika okha ku ofesi, nagogoda pa chitseko chotsegula.

"Abwana a nsomba, mlendo wanu wadzuka."

Tinayenda mofulumira. A Salimu tinawapeza atagwada, atakweza ngodya ya chitenje, akusuzumira ngati munthu wa pa zenera la eni ake. Chitenje anali kusambira pang'onopang'ono m'mbali mwa mwala, ataonda, mitundu yake itazilala, timchenga tili pamsana. A Salimu anaponyamo kachidutswa ka chakudya. Anakazungulira kawiri, n'kukadya.

A Salimu anadzuka, nadzisansa maondo, naitanitsa antchito onse monga anachitira tsiku lija.

"Amama, ndinalakwa," anatero. "Ndinakunenani pamaso pa anthu awa, ndiye ndikupepesa pamaso pawo."

"Ndamva, abwana," anatero a NyaGoma. "Ine ndinati ingakome ndi tomato. Sindinati tomato ndili naye."

A Salimu anaseka mpaka kupukuta m'maso. Kenako anatenga kagalasi koyezera mchere, nakapukuta ndi mpango, nakaika m'manja mwa a NyaGoma. Anati kuyambira tsiku limenelo thankiyo ndi yawo, ndipo wina aliyense, ngakhale wa mabuku, asathiremo kanthu asanawafunse. Ponena za mabuku anayang'ana ine.

Novembala ndi zaka zotsatira

Galimoto chaka chimenecho sitinaione. A Salimu sanakane, ankangoti ili ndi ntchito ina. Ndinatulutsa njinga yakapalasa ndi zigubu zanga, ndipo ndinayenda maulendo anayi ku midzi ya ku Kambombo, ndili ndi msana wa munthu amene wazolowera mpando. Tiana tina tinafera m'njira, ndipo alimi awiri sanalandire mpaka chaka chotsatira. Ndinawauza chifukwa chake. Mmodzi anandimvetsa, winayo sanandipatsenso moni kwa nthawi yaitali, ndipo sindimuimba mlandu. Pa ulendo wachitatu ndinapeza a Mwale akundidikira pa ofesi ndi njinga yobwereka ndi zigubu ziwiri zawo. Sananene chilichonse za nkhani ija. Anangoti, "Tsogola, njira ukuidziwa ndiwe." Anavutika kwambiri pa mchenga wa m'mitsinje, koma anafika. Chaka chotsatira a Salimu anatumiza kiyi wa galimoto ku ofesi popanda kupemphedwa.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ndinakumana ndi anthu abwino kuposa mmene ndinkayenerera. A Zulu anandipatsa cholembera. Amayi anu anafunsa za matayala m'malo mondiletsa. A Mwale anakwera njinga. Koma a NyaGoma ndi amene anali ndi chifukwa chonditchula pamaso pa anthu, ntchito yawo ikuthera m'manja, ndipo anasankha kundifunsa za ndiwo pansi pa mtengo wa mango, kuti chonenacho ndikanene ndekha. Thanki ija anaisamala mpaka a Salimu atakalamba ndi kubwerera kwawo, ndipo Chitenje anakhala zaka zina zisanu. Ana awo anayi onse anamaliza sukulu. Wachiwiri ndi namwino uja anakubaya jekeseni iwe Yotamu utalumidwa ndi galu.

Manje a NyaGoma akalamba, maso sakuona bwino, koma akabwera ku boma kudzalandira mankhwala amadzera kwathu kudzadya. Ndi pamene Tamara anaona zimene anafunsazo. Iwo amafufuza kabotolo ka mchere patebulo ndi dzanja, n'kukakankhira kwa ine, n'kunena kuti, "Abwana a nsomba, nawu. Koma muyambe mwafunsa."

Ndipo ine ndimalawa kaye.